Madzi Ofiira a pa Dispensale

Masambanjati, zaka za m'ma 1980

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa azakhali anu anakuuzani kale, n'kuwonjezerapo ndi zina zomwe sizinachitike. Ndiyambira pamene ndinavala malaya oyera koyamba, pa dispensale ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Masambanjati. Ndinali nditangomaliza maphunziro a wothandizira zachipatala, wowonda ngati bango, koma tsiku lomwelo anthu anayamba kunditchula kuti adokotala. Ndinayesa kuwakonza, kenako ndinatopa nazo. Bwana wanga anali a Sisitala Nachuma, mayi wamfupi wolusa, amene ankakuuza cholakwa chako pamaso pa odwala iwe uli chiimire ndi thonje m'manja. Ndinkadana nawo masiku amenewo. Koma shelefu yawo sinkakhala yopanda kanthu, chifukwa mankhwala akayamba kuchepa ankapita okha ku ofesi n'kukhala pakhomo pa manijala mpaka galimoto itanyamuka kupita ku Limbe.

Muyenera kumvetsa mmene ntchito inkayendera, apo ayi zomwe ndikulembazi simuzimva. Wantchito wa pa esiteti akadwala sankangogona m'nyumba. Ankayamba kwa kapitawo wake, kapitawo n'kumutumiza kwa ife, ndipo ife tinali ndi njira ziwiri zokha. Kumpatsa mankhwala abwerere kumunda, kapena kumulembera kuti apume, ngati zavuta atumizidwe ku chipatala chachikulu. Kwa akuluakulu a ku ofesi, munthu amene wameza kanthu pa dispensale anali wochira basi, dengu kumsana, akathyole tiyi. Tsono tiyi ndi malungo zimakhwima mwezi umodzi. Mvula ikangolimba, masamba amaphuka moti ukachedwa kuthyola akhwima, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene mzere wa odwala umazungulira nyumba mpaka kukafika ku mpopi.

China n'chakuti anthu athu sakhulupirira piritsi loyera. Umpatse mapiritsi abwino kwambiri, atuluka akuwayang'ana ngati wampatsa miyala. Koma umpatse mankhwala amadzi ofiira, kapena jakisoni, atuluka akuyamika ndi makolo ako omwe. Tinali ndi mankhwala a chifuwa ofiira, ndipo munthu wothyoka chala ankawapemphanso. Ndinkaseka nazo zimenezi ndili mnyamata.

Mbali ya ku Goliati, zaka za m'ma 1990

Atandisamutsira ku esiteti ya mbali ya ku Goliati ndinakhala ndekha pa dispensale, wopanda wondiyang'anira. Kumeneko ndi kumene ndinakwatira amayi anu, ndipo awiri mwa inu munabadwira m'nyumba ya kampani yodontha ija. Mamanijala ndinawaona ambiri. Wina ankakalipa kuyambira pa geti, koma mankhwala ankagula. Wina anali wofatsa ngati nkhosa, koma pepala lako lopempha bandeji linkakalambira pa tebulo pake. Ndinaphunzira kuti bwana usamuyese ndi moni wake, umuyese ndi shelefu yako. Kusowa kunalipo, sindikana. Tinachapapo mabandeji n'kuwayanika pa mpanda, tinadulapo mapiritsi pakati. Koma pa zaka zonsezo palibe bwana amene anandiuza kuti ndinamize munthu wodwala.

Khonjeni, nthawi yosowa mafuta

Inu akuluakulu mukukumbukira nthawi ija magalimoto ankagona pa mizere kudikira mafuta. Nthawi imeneyo ndinali pa esiteti ya kufupi ndi Khonjeni, ndipo manijala wathu anali Mmalawi mnzathu, wophunzira bwino, wovala bwino. Dzina lake sindilemba. Antchito ankamutcha a Sikelo, chifukwa nkhani iliyonse, ngakhale ya maliro, ankaimalizira pa kulemera kwa tiyi. Anapitako ku seminale ali mnyamata, unsembe n'kuulephera, koma Chilatini chinawatsalira m'kamwa ndipo ankakonda kutiwaza nacho pa misonkhano.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi malungo oopsa, ndipo mankhwala a malungo anandithera. Ndinapempha, ndinapemphanso, zii. Tsiku lina masana a Sikelo anandiitana ku ofesi.

"A Mulimba, anthu opuma achuluka bwanji? Kodi mwatsegula malo ogona alendo?"

"Ndi malungo, bwana. Mankhwala anatha, ndinakuuzani."

"Ndinamva. Ku Blantyre akuti kulibe, ambulansi ilibe dizilo. Mukufuna ndichite chiyani, ndisanduke piritsi?"

"Ayi bwana. Odwala pang'ono ndiziwalembera kuti apume, odwala kwambiri azipita ku chipatala cha mishoni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akuzunguza cholembera pa tebulo. Kenako anafunsa ngati kusukulu sanatiphunzitse za placebo. Liwulo ndinkalidziwa. Anatiphunzitsa kuti ndi chinthu chooneka ngati mankhwala koma chopanda mankhwala m'kati, ndipo malo ake ndi poyesa mankhwala atsopano, osati pa munthu amene malungo akumugwedeza. Ndinawauza choncho.

"Ndi Chilatini chimenecho," anatero a Sikelo, akutsamira mpando. "Limatanthauza kuti 'ndidzakondweretsa'. Ndiye akondweretseni anthuwa, a Mulimba. Madzi owiritsa, shuga, ndi kautoto kofiira kothira m'makeke kaja. Inu mukuwadziwa anthu anu. Akamwa chofiira mtima ukhala pansi, abwerera kumunda. Ambiri mwa iwo ndi ulesi chabe."

"Bwana, udzudzu sudziwa Chilatini."

Sanaseke. Anati pakamwa panga ankapadziwa kale, koma ndisaiwale kuti nyumba imene ana anga akugonamo ndi ya kampani. Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo woti ndikanagwira munthu ndikanamupweteka. Ndinapsa mtima chifukwa cha bodzalo, koma chinandiwawa kwambiri ndi mawu akuti "anthu anu". Mayi awo a Sikelo anathyolapo tiyi, tonse tinkadziwa. Munthu wakula ndi ndalama ya dengu, lero akuti anthu anga, ngati iye anagwa kuchokera kumwamba atavala kale tayi.

Mawa lake m'mawa dalaivala wawo anabwera ndi katoni, kudutsa pakati pa mzere wa odwala ataikweza pa phewa kuti aliyense aione. M'kati munali shuga, kautoto kaja ndi mabotolo opanda kanthu. Sindinadziwe kuti a Sikelo anali atauza kale makapitawo kuti kwabwera mankhwala atsopano amphamvu, ofiira. Ndinakankhira katoniyo pansi pa tebulo, ndinatuluka pakhonde n'kuwauza anthu mosapsatira kuti mankhwala a malungo kulibe, ndipo amene akumva kuti zamuvuta apite ku mishoni lero lomwe. Anthu anayamba kung'ung'udza. Bambo wina kumbuyo ananena mokweza kuti katoni taiona ndi maso athu. Wina anati adokotala akufuna akagulitse ku Khonjeni. Ndinati m'katonimo muli shuga, iwo anaseka, chifukwa ndani angakhulupirire kuti kampani yonse ingatumize shuga ku dispensale? Anthu amene ndinawabaya jakisoni ana awo, amene ndinawasoka mabala a zikwanje, tsiku limenelo ankandiyang'ana ngati mbala.

Pa mzerepo panali mayi wina dzina lake Felesiya, wa ku Khonjeni komweko. Anali wa ganyu ya nyengo, mwa aja amalembedwa mvula ikayamba n'kuchotsedwa ikatha. Anthu otere akajomba, malo awo sadikira, chifukwa pa geti pamakhala ena chiimire m'mawa uliwonse. Atalowa ndinaona kuti pano pavuta. Thupi linali moto, milomo yoyera, anali atasanza panjira, ndipo poyankha mafunso ankasochera pakati pa mawu. Malungo otere ndinkawadziwa. Akafika m'mutu, munthu amene wakupatsa moni m'mawa umamva kuti wapita dzuwa lisanalowe.

"Mayi, muyenera kupita ku mishoni pompano," ndinatero.

"Ayi adokotala. Ingondipatsani ofiira aja ndikagwire ntchito. Ndikajomba alemba wina."

"Mulibe mankhwala mmenemo, mayi. Ndi madzi."

"Ngakhale pang'ono pokha, adokotala. Ana ndawasiya ndi chemwali wanga, akudikira ine."

Anagwada pansi, pa simenti, mayi wamkulu, n'kugwira mwendo wa tebulo. Ana anga, musaganize kuti zinali zophweka. Katoni inali pafupi ndi bondo lake. Ndikanasungunula kapu imodzi, akanatuluka akundidalitsa, a Sikelo akanakondwa, mzere wonse ukanandikhululukira, nyumba ikanakhala yathu popanda nkhawa. Aliyense akanakondwa ndithu, monga liwu lija linkanenera. Koma ndinkadziwanso kuti akamwa ndiye kuti wachira, ndipo akupita kumunda wa kumtunda, kutali ndi msewu, kumene akagwa adzam'peza pakati pa mizere ya tiyi nthawi yoyeza tiyi itakwana. Ndinakana. Anadzuka n'kuyamba kunditukwana m'Chilomwe, poganiza kuti mwina sindimva. Ndinamva zonse, ndipo zina zinakhudza amayi anga.

Sanamalize kutukwanako. Miyendo inafooka, anakhala pansi mwadzidzidzi, maso ali pamwamba. Ndinatuma mlonda kukaitana wakabaza pa geti, tinam'kweza pa njinga n'kumumangirira kumsana kwa wopalasa ndi chitenje chake chomwe. Ndinakhoma dispensale anthu ali pa mzere, chinthu chomwe ndinkadziwa kuti ndi mlandu, ndipo ndinatsatira pambuyo. Mukuidziwa misewu ya kwathu. Pa chitunda chilichonse wakabaza ankaimirira pa mapedulo, ine ndikukankha kumbuyo, dzanja limodzi pa njinga lina pa msana wa mayiyo, matope mpaka m'mawondo. Ambulansi ya kampani tinaidutsa itaima pansi pa mtengo, yoyera bwino, yotsukidwa. Galimoto ya a Sikelo inali ndi mafuta tsiku limenelo, inatidutsa ikupita kukayendera minda. Chapakati pa ulendo Felesiya anasiya kuyankha ndikamuitana.

Ku mishoni anamwino anamulandira mwachangu, anamuika diripi ya kwinini, ine n'kundiuza kuti ndidikire panja. Ndinakhala pa benchi pakhonde, malaya oyera aja atasanduka ofiira ndi dothi. Kunabwera wansembe wokalamba, wopuma kale pa ntchito, amene ankayendera odwala akutsamira ndodo. Anakhala pafupi nane kuti apume, n'kundifunsa ngati wodwalayo anali mkazi wanga. Ine si wa mpingo wawo, koma mkwiyo ukadzadza sumasankha khutu. Ndinawauza zonse, ndipo pomaliza ndinawafunsa ngati n'zoona kuti placebo amatanthauza kuti "ndidzakondweretsa", kapena bwana wanga anangopeka.

"Sanapeke," anatero. Iwo ankalitchula mwa kutchalitchi, kuti plachebo. "Koma anakuuzani kumene linachokera?"

"Ayi, bambo."

"Ku maliro, mwana wanga. Kale, mapemphero onse akadali m'Chilatini, limeneli linali liwu loyamba la nyimbo imene tinkayimba madzulo popempherera womwalira. Ine ndinaiyimbako ndili mnyamata. Woyenera kukondweretsedwa m'nyimbomo ndi Mulungu, osati munthu. Tsono amati ku Ulaya kalekale kunali anthu ena oyenda m'maliro a anthu olemera, womwalirayo osamudziwa n'komwe. Ankafika n'kuyimba liwu limeneli mokweza, nkhope zachisoni, kuti eni maliro awaone ndi kuwapatsa chakudya. Ndiye munthu wosyasyalika anayamba kutchedwa woyimba placebo. Patapita zaka zambiri madokotala analitenga, n'kulipereka kwa mankhwala ongosangalatsa wodwala koma osamuchiza."

Anthu oterowo ndi kwathu kuno alipo, olira kwambiri pamaliro maso ali kukhitchini. Koma kumva liwu la maliro uli pakhonde, munthu wako ali m'kati sakuyankha, si chinthu chabwino. Mkwiyo unabweranso woposa wa dzulo lake. Munthu anakhala mu ofesi, nsapato zopukuta, n'kutenga liwu la pamaliro kundipatsa kuti ndizimwetsa amoyo. Ndipo analinena monyada, ngati wandiphunzitsa chinthu chapamwamba. Wansembeyo anandigwira pa phewa n'kulowa kukaona odwala. Ine ndinabwerera ku esiteti Felesiya asanatsitsimuke.

Mawa lake anandiitana ku ofesi. Mlandu wanga sunali wa madzi ofiira, ayi, za zimenezo palibe anatchula. Mlandu unali wokhoma dispensale nthawi ya ntchito popanda chilolezo. Sanandichotse ntchito, chifukwa ankadziwa kuti ndikachoka pakamwa panga pachoka nane. Anati andikweza, ndikhale woyang'anira ukhondo m'malaini, kunyumba za antchito. Kunena mwachindunji, munthu wosoka mabala kuyambira ndili mnyamata anandipatsa ndodo ndi jombo kuti ndiziyendera zimbudzi. Amayi anu analira. Anati ndikapepese, mutu ukakula sulewa nkhonya koma suzifunafunanso. Sindinapepese, ndipo m'nyumba mwathu munali chete kwa nthawi yaitali.

Pa dispensale anaikapo munthu wina wochokera kwina, waulemu, womwetulira, wodziwa kufunsa za ana kunyumba. Iyeyo katoni ija anaitsegula. Aliyense wolowa ankatuluka milomo ili psuu, akuyamika. M'malaini ndinkamva ndi makutu anga, ndili kuseri kwa chimbudzi, amayi akuuzana kuti tsopano kwabwera dokotala weniweni, osati wouma manja uja. Ena ankachiradi, chifukwa thupi nalo limadzimenyera nkhondo. Koma ndinkaonanso mabokosi a maliro akutuluka kwa kalipentala wa kampani nyengo imeneyo. Sindinawerenge, ndipo sindinganene kuti onse anapita chifukwa cha madzi ofiira. Chimene ndinganene ndi chomwe ndinaona pa maliro a bambo wina wothyola tiyi, amene ndinamuona akutuluka pa dispensale akupukuta pakamwa masiku ochepa asanagwe kumunda. A Sikelo anabwera, suti yakuda, bokosi loperekedwa ndi kampani. Anali ndi mawu abwino a kuseminale, ndipo nyimbo itayamba mawu awo anamveka pamwamba pa onse. Anamfedwa anawathokoza, anawapatsa mpando wabwino pamthunzi, ndipo mbale yoyamba inapita kwa iwo. Ndinachoka mwambo usanathe, chifukwa ndinkaopa chimene ndikanalankhula.

Mankhwala enieni anadzabwera mvula ili kumapeto. Palibe anafunsa kanthu. A Sikelo anadzakwezedwa kupita ku likulu, anawachitira phwando lotsanzikana, ana a sukulu anavina. Ine ndinayendera zimbudzi mpaka tsiku lopuma ntchito, ndipo ndikuuzeni, zinali zaukhondo.

Khonjeni, nditapuma ntchito

Felesiya anatsitsimuka. Ndinamva kwa wakabaza uja kuti anakhala m'chipatala kwa kanthawi, ndipo atatuluka anapeza malo ake atalembedwa wina, monga ananenera. Sanabwererenso pa esiteti, ndipo sindinamuonenso kwa zaka.

Chaka chatha ndinapita pa msika wa Khonjeni kukafuna nthochi. Ndinaima pa mulu wina, ndikuwerama kuti ndisankhe, ndipo wogulitsayo anaphimba nthochizo ndi dzanja. Nditadzutsa mutu ndinamuzindikira. Anali atanenepa, imvi zitayamba, pambali pake pali mtsikana wamkulu wobereka khanda. Mtima wanga unasangalala, sindikubisirani. Ndinavula chipewa.

"Si inu adokotala aja?" anafunsa.

"Ndine ndemwe, mayi. Mulipo?"

Sanayankhe moni. Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Uwaone bwino awa. Ndi amene anandimana mankhwala ine ndikufa, n'kundichotsetsa ntchito. Chaka chija munagona ndi njala chifukwa cha awa."

"Mayi, anali madzi. Madzi ndi shuga."

"Nanga anzanga amene anamwa anachira bwanji?"

"Ena anachira okha. Ena munakawaika kumanda."

"Imfa ndi ya Mulungu, bambo. Koma ntchito yanga munandilanda ndinu."

Anthu anali atayamba kutiyang'ana. Mtsikana uja ankandiyang'ana ndi maso amene ndinawaona pa mzere tsiku lija. Ndinafuna kumuuza kuti amayi akewo akanakhala ali pansi pa dothi iye akadali kamwana, koma ndi ndani amauza mwana zotere pa msika? Ndipo njala imene ankanenayo inali yoona, sanapeke. Ndinavala chipewa n'kupita kukagula nthochi kwina.

Sindinamukwiyire mayiyo, ngakhale njira yonse yobwerera ndinkalankhula ndekha ngati wamisala. Mkwiyo wanga uli pa munthu amene anakonza zinthu mwanjira yoti wodwala azigwadira madzi a shuga n'kutukwana womutengera kuchipatala, iye n'kupita kukakalamba mwaulemu. Umenewo sunathe, ndipo musandiuze kuti ndiusiye chifukwa cha kuthamanga kwa magazi.

Ndimadutsabe pa msikapo ndikapita ku Khonjeni, ndipo ndimamuona pa malo ake omwewo. Ali moyo, ana anga, ali ndi zidzukulu, ndipo mpaka lero sandipatsa moni.